Aphunzitsi Khiem, Mdani wa Phala Langa

M'mawa uliwonse, ndisanamalize n'kupukuta timipando komwe, Aphunzitsi Khiem ankafika, n'kuvundukula poto wanga wamadzi osapempha, n'kuweramira pomwepo mpaka magalasi awo atachita nkhungu. M'kanjira kathu kuno ku Hanoi ngakhale agalu ankadziwa kuti nkhalambayi imadzukira kudzaonerera madzi akubwata.

Ine ndimagulitsa phala la soya, lija timalisiya kuti ligwirane lokha, kenako n'kuthirapo madzi a shuga ndi jinja. Iwo sankalilawa. Ankati ndi mdani wawo.

"Lakulakwirani chiyani, aphunzitsi?" ndinafunsa tsiku lina, maso ali pansi. Kusukulu sindinapite patali, ndiye anthu ophunzira kwambiri amandiumitsa pakamwa.

"Tamvera, Nhan mwanawe. Pachiyambi chilengedwe chonse chinali chotentha moti kanthu kalikonse kanalibe kulemera. Chitayamba kuzizira, diso lisanaphethire, china chake chinagwirana paliponse, zinthu n'kuyamba kulemera. Funso n'lakuti, chinasintha ndi timathovu tokula n'kumagundana ngati m'potomu, kapena mwakachetechete ngati phala lakoli? Ine moyo wanga wonse ndalemba kuti ndi thovu. Likakhala phala, ndakalambira pachabe."

"Munalipo?" anafunsa Mayi Tuyet, ogulitsa maluwa pafupi nane.

"Masamu analipo."

"Masamuwo bwenzi akukuchapirani malayawo."

Aphunzitsiwo ankatopetsa, kunena zoona. Usiku mwana wandigoneka khosi lili chokhota, m'mawa nkhalamba ikundiletsa kuvundikira poto, makala akungotha. Ogula ena ankachoka atamva theka la chiyambi cha dziko, m'mimba mulibe kanthu. Koma mwana wanga Ti atatulutsa thovu la malovu, iwo anavula chipewa n'kumugwira chanza.

"Uyu yekha ndiye ali mbali yanga."

Ophunzira awo akale ankabwera pa njinga zamoto, atanyamula zipatso, n'kuwauza mwaulemu kuti masamu akulozera ku phala.

"Ndi tizinthu tomwe mukutidziwato, inde," ankatero aphunzitsi. "Katsala kena komwe simunakapeze. Dikirani makina apite kumwamba akamvetsere. Kugundana kwa thovu lija kukunjenjemerabe."

"Apita liti?" ndinafunsa.

"Ti akadzayamba kumeta ndevu."

Mayi Tuyet anatembenukira ku maluwa awo. Tonse tinali titaona mmene aphunzitsi ankawondera, n'kumaboola mabowo atsopano pa lamba wawo.

Miyendo yawo itakana, ndinkakwera kuchipinda kwawo ndi ketulo, Ti ali m'chiuno, kuti madzi abwatire pamaso pawo. Pano, chimwalirireni aphunzitsi, poto amabwata yekha. Makala akukhalitsa, ogula sachokanso, Mayi Tuyet alibe womunyoza moti ayamba kukangana ndi maluwa. Ine ndimapezeka ndasiya chivundikiro pambali.

Tsiku lomaliza sanayang'ane ketulo n'komwe.

"Ndatopa, Nhan. Makina aja sindiwadikira. Udzamuuze Ti adzamvetsere m'malo mwanga."

"Ndidzamuuza, aphunzitsi."

Anatseka maso, ine n'kuganiza kuti agona. Kenako anatsegula diso limodzi.

"Phala lija latsalako?"

"Latsala."

"Kanditengere kambale kamodzi, jinja wambiri. Mwina ndi limene linapambana, ndisapite osalidziwa kukoma kwake. Koma Tuyet asaone."