Kutsitsa Mtengo wa Nyumba ya Amayi

Lolemba

Anthu akufalitsa zoti ndikukana kuti nyumba ya amayi igulitsidwe chifukwa ndilibe kwina kogona. Bodza! Kogona ndilibedi, koma chifukwa si chimenecho. Nyumbayi anamanga ndi malemu bambo, njerwa anaumba okha kuno ku Malindi. Achimwene, ali ku Joni, akufuna aigulitse kwa munthu wa loji, amayi akakhale m'tauni. Atumiza woyesa mtengo wa nyumba, yemwe afika Lachisanu.

Nzeru yanga: aipeze yonyansa, atchule mtengo wochititsa manyazi, achimwene agwe ulesi. Zaka ziwiri za ku yunivesite sizinapite pachabe.

Lachiwiri

Ntchito ya lero:
kuchotsa kalendala yobisa mng'alu pabalaza,
kugoneka mbuzi pakhonde,
kuyanika usipa pansi pa zenera, fungo likhazikike.

Amayi akungondiyang'ana.

Lachitatu

Amayi amva kuti kukubwera mlendo. Basi, zanga zada. Mng'alu amata. Mbuzi zili pachingwe kudambo. Usipa wanga tadyera masana.

"Mlendo asatione ngati anthu osasamba."

Lachinayi

Azimayi a kutchalitchi asanu, ndowa za laimu, nyimbo! Nyumba yayera ngati chipatala. Ndikuyesa kugwedeza chitseko cha kubafa kuti chilendewere. Che Jafali, aneba athu akalipentala, andiona, abwera ndi hamala.

"Mwanangu, sukulu munaisiyira panjira, chitsekonso?"

Akonza ulere. Anthu abwino amatopetsa.

Lachisanu

Woyesa mtengo wafika. Ndi uja ankakopera ntchito zanga chaka choyamba ku yunivesite! Lero tayi, tepi, nsapato zosongoka pamchenga. Akugogoda khoma, akukwinya nkhope.

"Mazenera ndi aang'ono, pepala la malo palibe, njerwa zake ndi zofooka. Mtengo utsika ndithu."

N'zimene ndimafuna. Koma zofooka? Njerwa za bambo anga?

Ndamukokera kuseri, ndamupatsa hamala ya Che Jafali: menya! Hamala yadumpha. Ndamukweza kudenga aone matabwa a mlombwa omwe chiswe chinalephera. Ndamuonetsa chitsime chosaphwa, ndiponso pamene nyanja inalekezera chaka chija inalowa m'nyumba za ena, ife tili gone. Iye akulemba, akulemba. Ine ndikulankhulabe.

Loweruka

Lipoti lafika pa foni. Mtengo wakwera, ndipo zifukwa zake ndi mawu anga enieni. Akukoperabe mpaka lero!

Achimwene aimba: "Mphwanga, akuti unamuthandiza kwambiri. Sukulu ija sinapite pachabe."

Foni ndazimitsa.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndawaululira amayi zonse, za mbuzi ndi usipa zomwe. Aseka mpaka kutsokomola.

"Iwe ndi mkulu wakoyo, alipo wandifunsa ine?"

Palibe. Ine wophunzira, sindinaganizeko.

Wa loji akubwera Lachitatu. Amayi abzala mango awiri kuseri, pafupi ndi chitsime.