Ndinasintha Kuwala Mbali Imodzi

Mukamva munthu akutukwana netiweki pa Mponela, musandiitane kuti ndidzaweruze. Nkhani imeneyo imandiwawa.

Ntchito yanga ndi ya mawaya a faiba, aja timakwirira m'mbali mwa msewu. M'kati mwake muli ulusi wagalasi, ndipo mawu anu a pafoni amayenda m'menemo ngati kuwala. Kuwalako kuli ndi mitundu (musafunse ngati wofiira kapena wobiriwira, maso sauona). Lamulo ndi limodzi: ukasintha mtundu mbali ino, mnzako asinthenso mbali inayo nthawi yomweyo, apo ayi zonse zii.

Tsikulo ine ndinali pa Mponela, anzanga a Chimwala ku Ntchisi. Tinapangana kuti ndiwaimbira kaye, tisinthe limodzi. Koma amayi anali atagonekedwa m'chipatala kumapiri kwathu, ndipo mlongo wanga wa ku Joni, amene sanapondeko kumudzi zaka zambiri, analonjeza kuimba pavidiyo. Mtima unali m'mwamba. Ndinati ndisinthiretu, a Chimwala ndiwaimbira ndili panjira (nzeru za munthu wa satifiketi zimenezo).

Ndinazula kachipangizo kakale kotulutsa kuwala, kulowetsa katsopano, ulendo pa njinga yamoto. Kuimbira a Chimwala, sakupezeka. Ndinangoti ndi mapiri awa.

Ndinapeza amayi atafooka, azakhali owadwazika atagwira foni m'mwamba pawindo.

"Waimba mwana wanga?" anafunsa amayi.

"Netiweki yavuta, amayi. Anthu ena pantchito ndi osasamala."

"Si iwe umakonza zimenezi?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Nsanja zonse za netiweki za kumtunda zimadalira ulusi umene uja. Wosasamalayo anali ataima pomwepo, atanyamula nthochi ndi sopo.

"Pita ukakonze," anatero amayi. "Ndidikira."

Ndinabwerera, wanjinga ndikumukalipira ngati wolakwa ndi iye. Nditabwezera kachipangizo kakale, timagetsi tonse tinayaka bwinobwino, foni n'kulira. Anali azakhali.

"Bwerera mwanawe. Mayi ako atisiya."

Ndisanaibweze m'thumba inaliranso. Nkhope ya mlongo wanga inaoneka bwino kwambiri, atavala chitenje chimene amayi anamutumizira.

"Achimwene, ndayesa tsiku lonse! Apatseni foni amayi."

Masiku ano sindikhudza kanthu a Chimwala asanandiyankhe kawiri. Koma mlongo wanga akakumbukira tsiku lija amatukwanabe anthu a netiweki, kuti anamumana mawu omaliza a mayi ake. Ine ndimangoti, "Zoona, achemwali, ndi osasamala."