Njerewere za pa phiko la Dolika

Inu, sendezani mipando kuno, tamverani za sayansi. Musandione girisi m'zikhadabomu, ine ndinachitapo kafukufuku wa ndege, ndipo mboni zilipo!

Mukudziwa kuti ndimakonza njinga kuseri kwa msika wa Kapata, ndipo anthu amanditchula kuti Injiniya, dzina lomwe ndinadzipatsa ndekha koma linagwira. Ndiye Dolika, mwana wa mlongo wanga wa ku Chiparamba, atasankhidwa kukaphunzira zopanga ndege ku yunivesite ku Kopala, ndinalengeza msika wonse kuti nzeru zimenezo anatengera kuchikazi, kwa malume wake, ine amene.

Chaka chake chomaliza anabwera pa holide atanyamula bokosi lalitali ngati la gitala.

"Amalume, mundisungire. Muli mapiko awiri. Ndikukaona amayi kumudzi, ndibwera mawa tidzawayese pamphepo. Zotsatira zake akuzifuna Lolemba, ndikapanda kupereka ndiye kuti ndabwereza chaka."

"Iwe, ukuuza ndani? Zili m'manja mwa injiniya mnzako."

"Musatsegule."

"Ndingatsegulirenji ine?"

Minibasi yake isanakhote n'komwe pakona, ndinali nditatsegula kale, n'kuitana Jethro, kalipentala woyandikana nane shopu, kuti adzaone zomwe mbumba yathu imapanga. Jethro anatola phiko loyamba, la mtengo wopepuka, kutalika ngati mkono wangawu, n'kulisisita akugwedeza mutu. Atatola lachiwiri anaphulika chiseko mpaka kugwira khoma. Kutsogolo kwa phikolo kunali timatuza tating'onoting'ono, mzere wonse.

"Injiniya! Phiko la mwana wa mlongo wanuyu lili ndi njerewere! Zaka zonsezi ku yunivesite sanamuphunzitse kupala thabwa? Ine nditapanga mpando wotere kasitomala angandimenye nawo!"

Amayi ogulitsa tomato anabwera kudzasuzumira, a kabaza nawo anaimika njinga, aliyense kikiki. Abale, manyazi anandigwira. Malume ndi wa ntchito yanji ngati sabisa zofooka za mbumba yake? Ndinatenga tupa, ndinatenga sandipepa, ndinagwira ntchito masana onse thukuta kamukamu, osalandira kasitomala ndi mmodzi yemwe. Pomaliza mapiko aja anafanana ngati mapasa. Ndinadzitamanda ndekha mumtima kuti mwanayu ali ndi mwayi.

Ndikutsuka m'manja, foni kuliralira. Dolika.

"Amalume, ndinaiwala kunena, bokosilo musaliike padzuwa. Guluu wa timatuza angasungunuke."

"Timatuza tija... n'tofunika?"

"Timeneto ndiye kafukufuku wanga wonse! Ndikufuna kuonetsa kuti phiko la timatuza limagwira mphepo bwino ndege ikamakwera. Losalalalo n'longoyerekezera chabe. Amalume? Muli pomwepo?"

"Netiweki, mwanangu, netiweki!"

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula ndi njuchi zomwe.

Koma injiniya sagonja. Kutacha ndinadzifunsa kuti chobulungira chomwe Chipata ili nacho chambiri n'chiyani? Nsawa! Ndinagula za Chalimbana, zonenepa bwino, n'kuzibanthula pakati, n'kuzimata paphiko ndi guluu womatira machubu, kenako kapenti koyera pamwamba. Kunena zoona zinkaoneka bwino kuposa za mwini wake. Ndinaliika pampando kuseri kwa nyumba kuti liume, ine n'kulowa kubafa.

Ndili sopo kumaso ndinamva go go go go. Kutuluka, ndinapeza tambala wa aneba waitana akazi ake onse, ali pa phwando! Ndinalanda phikolo n'kuyamba kumuthamangitsa nalo, iye kuzungulira mtengo wa mango, ine pambuyo, dzanja lina litagwira thaulo. Tikuzungulira kachitatu ndinaona nsapato pageti. Dolika, chikwama chili paphewa.

Inu, bola akanandikalipira. Anangotenga phikolo, n'kuliyang'ana, n'kutola kanthu ka nsawa komwe kanatsala, n'kukhala pakhonde. Misozi inayamba kutsika yokha.

"Teremu yonse, amalume. Ndinamata kamodzikamodzi teremu yonse."

Mtima wanga unasweka, ndikunena zoona, ndinadziona kuchepa kuposa tambala uja. Ndinayesa kukhosomola kuti ndiyankhule ngati munthu wamkulu.

"Mwanangu, madzi akatayika..."

"Musayambe miyambi. Kavaleni."

Nditavala ndinamupeza wapukuta maso, akuyang'anitsitsa njinga yanga. Osati zamakasitomala ayi, yanga yeniyeni, ya mabelu awiri ndi magalasi, imene ngakhale mayi a kunyumba sakwera.

"Timipira tachitsulo ta m'habu ya gudumu timafanana kukula?"

"N'ta ku fakitale, sitisiyana."

"Masulani."

"Ku shopu kuli takale tambirimbiri..."

"Takale n'todyeka. Masulani."

Ndinamasula habu ya kutsogolo, ndinamasula ya kumbuyo, mpaka za m'mapedulo, njinga yanga n'kutsala ili gada ngati mbuzi yosendedwa. Dolika ankayeza, kuboola kadzenje, kuika kampira, kuyezanso. Nditati ndimuthandize kugwirira, sanadzutse n'komwe mutu.

"Manja m'thumba, amalume."

Tsono kuyesa kwake. Ku yunivesite ati kuli chimakina chouzira mphepo, koma ophunzira amachilimbirana, ndiye Dolika anapangana ndi Boyd, mnzanga wa kavaneti konyamula makala, kuti mphepo tikaipeze tokha pamsewu wa ku Mfuwe, paja powongoka. Anamanga mlongoti kumbuyo kwa vaneti, phiko pamwamba, kasikelo pansi pake, mawaya kulowa mu kompyuta. Ine ndinabwera nditavala ovolosi yochapa, bolopeni ziwiri m'thumba.

"Ine ndigwire chiyani? Kompyuta?"

Atayenda kamodzi ndi Boyd, Dolika anatsika nkhope ili gwa.

"A Boyd, kumbuyoku kwapepuka, kukudumphadumpha, phiko likupendama. Tikufunika thumba la chimanga lotsendera."

"Chimanga tichitenge kuti patchire pano?" anatero Boyd.

Kenako onse awiri, ngati anapangana, anayang'ana mimba yangayi.

"Khalani apo, amalume, pakati penipeni. Musagwedezeke, musayankhule."

Abale inu! Kupita, kubwerera, kupita, kubwerera, phiko losalala, phiko la timipira, liwiro ili, liwiro ilo. Fumbi la makala m'maso, tizilombo m'kamwa, matako kuchita dzanzi. Ndikati ndidzikande, kawindo gubu, "Amalume, mwasuntha, tiyambirenso!" Ngati izo sizinakwane, anadutsa a kabaza a ku Kapata omwewo, n'kuyamba kukuwa kuti, "Injiniya! Akukakugulitsani kuti?" Ine duu, chifukwa thumba siliyankha.

Dzuwa likupendeka ndinamva Dolika akukuwa m'galimoto. Ndinati basi, ndalakwanso. Koma anatuluka akudumpha, akundionetsa timizere tokhotakhota pakompyuta, ati phiko la timipira lagwira mphepo. Ine sindinaonepo kanthu, koma ndinavomera mwaulemu kuti ndimayembekezera zomwezo.

Anakwera basi ya ku Kopala, ine n'kutsala ndi mantha, osadya bwino, foni ikalira mtima phaa. Kenako tsiku lina inaliradi.

"Amalume, ndakhoza! Sindibwereza!"

Ndinavina pakati pa msika ndi sipanala m'manja. Nditapuma ndinafunsa funso lofunika.

"Aphunzitsi ako unawauza za ine?"

"Ndinawauza zonse, mpaka tambala. Akuti zotsatirazo n'zabwino kwambiri moti tibwereze mu Disembala kuti zitsimikizike. Koma zonse zikhale chimodzimodzi, galimoto yomweyo, msewu womwewo, chotsendera chomwecho. Ndiye musaonde, amalume, komanso musanenepe."

Choncho mukandiona ndikukana botolo lachitatu, musayambe zonena kuti Injiniya wadwala kapena walowa mpingo wina. Mimba iyi si yanganso, abale, ndi katundu wa yunivesite.