Timaphukusi ta Anthu ku Nkhalango ya Ntchisi

Pa firiji yathu ku Walsall pali chithunzi chimene alendo akachiona amaseka, nane ndimaseka nawo kuti nkhani ithe msanga. Chikuonetsa msana wa mayi wina wojintcha atawerama pa sutikesi, anthu atamuzinga ngati pogawa makuponi a feteleza. Msanawo ndi wanga. Anajambula ndi mwana wanga Tadala, ndipo pa zithunzi zonse za tchuthi chimenecho, ine ndili pa chimenechi chokha.

Tadala anabadwira kuno ku Mangalande. Nthawi imeneyo anali atafika pa msinkhu uja mwana amayankha ndi mapewa. Ine ndine namwino, ndipo ndi mmene mashifiti ankayendera, tinkangosemphana pakhomo, iye akupita kusukulu, ine ndikubwera kudzagona. Tsiku lina akulemba homuweki anandiitana yekha (zinali zosowa zimenezi) kudzandionetsa nkhalango za ku Costa Rica, zija za pamwamba pa mapiri, zimene mitambo imagona m'mitengo ndipo nthambi zimachita kuvala ndere.

"Zimenezitu kwathu ziliko," ndinatero mwamatama.

"We never see anything in Malawi, Mum. We just sit in people's houses."

Zinandilasa chifukwa zinali zoona. Tikapita kumudzi, mwanayu ankangozungulira m'masofa a anthu, kugwada, kupereka moni, n'kumasekedwa Chichewa chake. Ndinamulonjeza pomwepo kuti tchuthi chikubwerachi, tisanaonekere kwa wachibale aliyense, tikakhala kaye m'nkhalango yotero awiriwiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Promise?" Ndinalumbira.

Tinayamba kufufuza pa kompyuta ya ku laibulale. Zomba ndinaikana, chifukwa kumeneko alendo ndi ambiri ndipo achibale anga ndi ochuluka kuposa alendowo. Mulanje chimodzimodzi. Tinagwirizana za phiri la Ntchisi, kumene ndilibe ngakhale msuweni wa msuweni. Ndinagula khadi loimbira kunja n'kulankhula ndi bambo woyang'anira kanyumba kena ka alendo m'mphepete mwa nkhalangoyo. "Bwerani, mayi," anatero. "Kuno phokoso ndi la mbalame ndi anchima basi."

Zonse zinaonongekera kutchalitchi ku Oldbury. Abusa anati amene ali ndi ulendo aimirire awapempherere, ine n'kuimirira (ndani angakwere ndege wopanda pemphero?). Ameni asanazizire, amake Chisomo, mnzanga wa m'kwaya, anali atandigwira kale mkono.

"Sisi, kani mukutravula? Ndili ndi kaphukusi ka amayi. Kakang'ono, sikalemera olo."

Amene simunakhaleko kunja mwina simungamvetse. Kuno phukusi la mnzako silikanidwa. Bambo anga akudwala, mankhwala awo ankapita m'masutikesi a amayi omwewa, ndipo palibe anandifunsapo kulemera kwake. Choncho kukana sindikanatha. M'malo mwake ndinati ndichenjere.

"Vuto lake, sisi, m'tauni sindiimamo. Ndikangotsika ndege ndi straight ku phiri la Ntchisi, kukanyumba ka m'nkhalango. Msewu wake ndi woipa zedi."

Ndinkayembekeza kuti agwa ulesi. Iwo nkhope inangowala.

"Ntchisi? Aaa, si pafupi pomwepo! Alamu anga ali pa Mponela, adzakupezani konko."

Ndinaiwala chinthu chimene ndinachidziwa ndili mwana: kwa Mmalawi amene wamva kuti phukusi lake lafika kuchokera ku Ulaya, kulibe malo otchedwa kutali. Sabata isanathe, nkhani inali itafika ku Tipton ndi ku Birmingham konse, kuti mayi uja akapezeka malo amodzi osasuntha, ndipo dzina la malowo ndi ili. Kunabwera nsapato, majekete, mafoni akale, mafuta odzola. Zina ndinazilonga m'sutikesi ya Tadala. Iye anangoyang'ana.

Tinafika paphiripo masana, ndipo ndinene zoona, malowo ndi okongola. Nkhungu inkatsika m'mitengo pang'onopang'ono, mpweya ukununkhira masamba onyowa. Tadala anandikolowekera mkono m'khosi, zimene anali atasiya kalekale. Bambo woyang'anira uja anati tikalowe m'nkhalango m'mawa, anchima asanabalalike.

M'mawa, tili mkati momanga zingwe za nsapato, kunalira belu la njinga. Anali alamu ake a amake Chisomo. Munthu wapalasa njinga kukwera phiri lonselo sungangomuponyera phukusi pakhomo. Pamafunika mpando, tiyi, ndi kumufotokozera mmene aliyense wa ku Oldbury akupezera.

"Dikira pang'ono, mwanawe," ndinamuuza Tadala.

Tiyi asanathe, inafika matola kuchokera ku Dowa, itadzaza amayi, mmodzi atanyamula nkhuku yodzandithokozera. Kenako bambo wina wa ku Kasungu, amene anabwera ndi mkazi wake kuti adzayese yekha nsapato. Amayi aja atalandira zawo anayambitsa nyimbo yoyamika Mulungu. Azungu awiri amene anabwera kudzamvera mbalame anatimvera ife, ndipo madzulo ake analongedza.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma paphiri paja dzuwa silinatuluke. Kunayamba kamvula kowaza, msewu unaterera, woyendetsa matola n'kunena kuti iye satsika mpaka kuume. Alendo anga anagona m'chipinda chodyera, nkhuku ija n'kukhala ndiwo yawo yomwe.

Kutacha kunabuka milandu. Nsapato zinachepa. Foni ina inabwera yopanda chotchajira, ndipo mwini wake ankandiyang'ana ngati ndachibisa m'chitenje. Ndili pakati poweruza zimenezi, sindinaone n'komwe kuti Tadala watenga kamera n'kupita m'nkhalango ndi bambo woyang'anira uja.

Anabwerako atanyowa, matope mpaka m'mawondo, maso akuwala ngati mmene ankachitira ali wamng'ono. Anadutsa pakati pa anthuwo kudzandigwira dzanja.

"Mum, the cloud came right through the trees. I touched it! Come, it's still there."

Mwana akunditengera kukagwira mtambo. Ndipo ine, mayi wolumbira uja, ndinayankha kuti, "Eya, tamva. Tayamba wapereka kaye moni kwa azakhali awa."

Anagwada bwinobwino, anapereka moni m'Chichewa chake chopindika, amayiwo anaseka. Kenako anakalowa kuchipinda. Pamene alendo ankatsika phiri, nafenso nthawi yathu inali itatha, achibale enieni akutidikira ku Zomba. M'nkhalangomo ine sindinapondemo.

Titabwerera ku Walsall anatsukitsa zithunzi zake: mitengo, ndere, mchira wa nchima, nkhungu yokhayokha. Cha msana wanga anachimata yekha pa firiji. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinalakwa pati, popeza aliyense wa anthu aja ndinamuchitira zoyenera. Mlendo yekhayo amene ndinamuuza kuti adikire anali amene ndinamuitana ndekha.

Chaka chotsatira, ndikukonzekanso ulendo wa kumudzi, Tadala anapempha kuti atsale, apite kukagona m'matenti ku Wales ndi banja la mnzake wa kusukulu. Anapempha mwaulemu kwambiri. Lamulungu lomaliza ndisananyamuke, amake Chisomo anandipeza pakhomo pa tchalitchi ndi jumbo m'manja.

"Sisi, kakang'ono."

Ndinali nditakonzekera chaka chathunthu kuti ndidzakane. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatambasula dzanja n'kulandira. Panalibenso woti ndimusungire malo.