Sitaki ya Mphatso

Lolemba
Ndili m'kalasi, mlonda akugogoda pawindo: "Aphunzitsi, katundu wa malemu wafika pa siteji." Ndikusiya choko. Masabata atatu chiwaikireni achimwene. Mu katoni muli nsapato, kompyuta yakale, madisiki, kope. Amalume akuti kugawa katundu ndi Lamulungu. Achimwene ankalemba okha mtima wa pulogalamu yoyendetsa makina. Tsamba lomaliza la kopelo: "Ntchito yoyamba ikuyenda. Yachiwiri ikufa ikangobadwa." Ndiimaliza ine asanagawe.

Lachiwiri
Magetsi kuno ku Lisungwi ndi a jenereta ya kuchipatala, maola awiri masana. Kalaliki wa pachipatalapo akundipatsa ngodya ya tebulo. Kompyuta yayaka! Ntchito ziwirizo anazitcha maina a ana awo. Tadala akulemba madontho bwinobwino. Mphatso akangoyamba, makina onse zii.

Lachitatu
Ndikuwerenga kope. Ntchito iliyonse imabadwa ndi sitaki yake, malo osanjikizapo zokumbukira ngati mbale, yomaliza kuika ndiyo yoyamba kuchotsa. Munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi ankadziwa zonsezi! Ine ndinkangomufunsa ngati ku Blantyre sopo watsika.

Lachinayi
Panjira achinyamata a chipani akufuna khadi. Ndaonetsa. Akufunanso kudziwa ngati chinthu ndasenzachi chimalankhula ndi maiko akunja. Ndikufotokoza za sitaki mpaka mmodzi akuti, "Pitani, bambo, mwatitopetsa." Ndafika jenereta itazima.

Lachisanu
Ndaona! Makina amtunduwu amafuna sitaki iyambire pa nambala yogawika ndi ziwiri, apo ayi amaima. Achimwene anaika dzina la ntchito, sitaki n'kuyambira pomwe dzinalo lathera. Tadala: zilembo zisanu ndi chimodzi. Mphatso: zisanu ndi ziwiri. Pangofunika kampata kamodzi kopanda kanthu pambuyo pa dzinalo, basi! Ndisanakonze jenereta yazima, ndaweramitsa mutu pa kope. Kalaliki akuti, "Mukupemphera kodi?"

Loweruka
Ndavala jekete. Dizilo wa jenereta watha. Wotsalayo ndi wa ambulansi, ndipo sindingatsutse. Ndasenzanso katoni kubwerera, tambala wa kalaliki akunditsatira mpaka pamsewu.

Lamulungu
Agawa. Nsapato kwa ine, n'zazing'ono. Kompyuta yapita ndi amalume ku Magaleta, kopanda magetsi. Akuti, "Wailesi ya kanema imayenera munthu wamkulu." Alamu aiphimba ndi kansalu koluka kuti isalowe fumbi panjira. Mphatso weniweniyo wandifunsa ngati zinatheka. Ndati bambo ake analakwitsa malo amodzi okha pa masamba onse aja.

Yankho ndili nalo, la mzere umodzi. Silinayesedwe.