Mmene Mbuya Ananditsomphola Pasiwedi Pakamwa

Mpaka lero munthu akatchula za chitetezo cha makompyuta, magazi amandithamangira kumutu. Anzanga amati ndiiwale, ndi zakale. Zakale bwanji pomwe nkhaniyo ikukambidwabe kukomboni kwathu ku Nabvutika, ndipo aliyense woikamba amathirako mchere wake? Bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinali kalaliki pa ofesi ya bungwe lina la alimi a thonje ndi nshawa kuno ku Chipata. Azungu otithandiza anatibweretsera makompyuta, nawalumikiza ndi nthambo zodutsa kudenga kuti azilankhulana. Ankati netiweki. Maina a alimi a ku Chipangali ndi ku Chiparamba, minda yawo ndi mbewu zomwe analandira, zonse zinalowa m'menemo. Aliyense wa ife anapatsidwa khomo lake lolowera, ndipo khomolo linkatseguka ndi mawu achinsinsi otchedwa pasiwedi.

Muyenera kudziwa kuti ine sukulu ndinayamba ndevu zitamera. Anzanga akuphunzira kulemba, ine ndinali kubusa. Ndinakalowa sukulu ya madzulo ndili kale ndi ana, choncho chilichonse chophunzira ndimachilandira ndi manja awiri.

Tsiku lina mkulu wa ofesi, Mayi Sakala, anatisonkhanitsa. Anati kwapezeka malo amodzi pa kosi ya ku Lusaka yophunzitsa kuteteza netiweki, ndipo wopitayo akadzabwerako adzakhala woyang'anira makompyuta onse.

"Koma choyamba kubwera katswiri," anatero. "Ntchito yake ndi kuthyola. Tamulipira kuti ayese kulowa m'makompyuta athu ngati wakuba, kuti tidziwe pomwe pali mpata. Amene khomo lake lilimbe, ndiye apita ku Lusaka."

Anatisiyira buku lofotokopa, masamba ena ofuwirira ngati achapidwa. Anzanga analitsegula pang'ono n'kulisiya pawindo. Ine ndinapita nalo kunyumba. Ndinaliwerenga mlomo ukuyenda, dikishonale ili pambali. Linati pa pasiwedi usaike dzina lako. Linati usaike tsiku lako lobadwa (apa ndinaseka, chifukwa tsikulo ngakhale amayi sankalidziwa). Linati usalembe papepala, usaike mawu opezeka m'dikishonale ya Chingerezi. Zonsezi ndinatsata. Kumapeto kunali mutu wina wopanda zithunzi za makina, wokamba za anthu ndi macheza awo. Umenewo ndinaudumpha. Ndinati anthu ndikuwadziwa kale, ndakalamba nawo.

Pasiwedi yanga inali dzina la mlongo wanga, Tikambenji. Ndiye ankagulitsa nshawa zake kuti andilipirire sukulu ya madzulo ija. Atadwala ku Chiparamba ndinati ndimalize kaye mayeso, ndipo ndinakafika anthu atabwerako kumanda. Kuyambira pamenepo dzinalo silinkatuluka pakamwa panga. Ndinkangolilemba m'mawa uliwonse pa kompyuta, nditavula chipewa. Ndiwo unali moni wanga.

Katswiriyo anafika Lolemba. Anali munthu wowonda, wa tayi yofiira, chikwama chodzaza madisiketi. Atangotchula dzina lake kuti Mulenga, mtima wanga unati, tavutika. Mbemba!

Kwa amene simudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Mbuya akhoza kukunyoza pamaliro, kukupaka ufa kumaso paukwati, kutcha mkazi wako kuti ndi wake, ndipo iwe suyenera kukwiya. Umangobweza. Ukakwiya wagonja, ndipo anthu amaseka iwe. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani.

"Mbuya, mukadali moyo?" anandipatsa moni choncho, munthu woti ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba. "Ndimayesa mbewa zinakumalizani."

"Tili moyo," ndinayankha. "Nanga anyani kwanu atsalako, kapena munadya onse?"

Tinaseka, iye n'kuyamba ntchito. Disiketi yoyamba inali ndi pulogalamu yogogoda pa makomo onse a netiweki kuti aone losatseka. Yachiwiri inali yoyesa mawu ambirimbiri, limodzi ndi limodzi, ngati wakuba wonyamula mpukutu wa makiyi. Tiyi asanazizire, khomo la a Tembo, owerengera ndalama athu, linatseguka. Pasiwedi yawo inali tembo. Tembo basi! La Mayi Sakala linatsatira, aleluya. La mtsikana wotayipa linatseguka ndi dzina la mnyamata yemwe bambo ake sankamudziwa, ndipo analira.

Langa linakana. Makina analira, kagetsi kakuphethira, koma khomo lili gwa. Ine ndinayamba kuyendayenda mu ofesi manja kumbuyo ngati wansembe. Ndinafika mpaka pouza a Tembo kuti ndikadzabwerako ku Lusaka ndidzawaphunzitsa ulere. (Mulungu andikhululukire, ndinafunsanso mtengo wa basi.)

Masana anafika mkazi wanga, make Dalitso, kuchokera kumsika komwe amagulitsa tomato. Anandibweretsera mbatata zophika, ndi kaphukusi ka nyuzipepala komwe achibale anatumiza kuchokera kumudzi. Mwa masiku onse a Mulungu, anasankha tsiku limenelo kuti andibweretsere mbewa zowamba.

Mulenga atanunkhiza analumpha. "Ndaipeza! Pasiwedi ya mbuya ndi mbewa!" Analemba mbewa, inakana. Anafunsa a Tembo mitundu ya mbewa, iwo n'kumutchulira mosangalala, kapuku, mende, zonse. Inakana. Ofesi yonse inali m'manja mwake ndi kuseka. Ine ndinangotafuna mbatata yanga, n'kumuuza kuti ubongo woleredwa ndi nyama ya nyani sungafike patali.

Apo anasiya kompyuta, nakokera mpando pafupi ndi make Dalitso.

"Mkazi wanga," anatero, "n'chifukwa chiyani munandisiya ine n'kukwatiwa ndi mdala uyu? Mukudziwa zomwe amachita kuno m'mawa?"

"Amachita chiyani, amuna anga?" make Dalitso anayankha akuseka, poti nayenso chimbuya amachidziwa.

"Ndamuona ndekha. Akakhala pa kompyuta amavula chipewa. Amapuma kaye mozama. Kenako amalemba pang'onopang'ono, mlomo ukunjenjemera, maso ali ndi madzi. Mayi, ine ndayenda maofesi ambiri. Mwamuna savulira chipewa mbewa. Limenelo ndi dzina la mkazi."

Kuseka kwa make Dalitso kunayamba kuchepa. Anandiyang'ana.

"Atate ake Dalitso, ndi zoona?"

"Ndi chinsinsi cha ntchito," ndinatero.

"Sindinafunse za ntchito. Ndi dzina la mkazi?"

Bodza sindilitha. Ndinakhala chete, ndipo chete ameneyo anandipachika.

"Mwamva?" Mulenga anawomba m'manja. "Ndipo ndi dzina lalitali, zala zimayenda ulendo. Si Judi, si Rozi. Ameneyo ndi wa kumudzi, wonenepa bwino, wodziwa kuwamba mbewa. Mwina ndi uja wogulitsa zitumbuwa pageti. Mbuya, musachite manyazi, munalipira zingati?"

"Iwe mwana, tseka pakamwa," ndinatero.

"Mwakwiya? Anthuni, mbuya wakwiya!"

Make Dalitso anali atayamba kumanga nsalu yake m'chiuno, ndipo amene muli pabanja mukudziwa tanthauzo lake. "Zaka zonsezi ndikukuchapirani, inu mukuvulira chipewa hule la mu kompyuta? Mutchuleni! Mutchuleni pano ndimumve!"

Liwu limenelo ndi lomwe linandithyola. Mlongo wanga, amene anasenda nshawa mpaka zala kutupa kuti ine ndidziwe kulemba, kumutcha dzina lotero? Ndinamenya tebulo, mbewa zinabalalika pansi.

"Ndi Tikambenji!" ndinakuwa. "Tikambenji mlongo wanga! Mwakhuta?"

Mu ofesi munati zii. Make Dalitso anagwira pakamwa, nakhala pansi pang'onopang'ono, chifukwa mlamu wake ankamudziwa. A Tembo anayang'ana nsapato zawo. Ndipo m'kachetechete ameneyo ndinamva kaphokoso kakang'ono kumbuyo kwanga, ta ta ta. Nditacheuka, khomo langa linali lotseguka, maina onse a alimi a ku Chipangali ali pagalasi.

"Pepani, atate," Mulenga anatero motsitsa, chimbuya atachiika pambali. "Sindinadziwe kuti ndi malemu. Koma wakuba weniweni sakanapepesa."

Ndinakadandaula kwa Mayi Sakala kuti uku ndi kubera. Mgwirizano unali wa makina, osati wolowetsa mkazi wa munthu. Iwo anatsegula buku lofotokopa lija, kumapeto, pa mutu womwe ndinaudumpha. Zonse zinali m'menemo. Wakuba akalephera pa makina amapita kwa munthu, amamuseketsa, amamutamanda, amamukwiyitsa, mpaka munthuyo apereke yekha kiyi.

"Bambo," anatero, "enawa sankadziwa, tiwaphunzitsa. Inu mumadziwa, koma mwalengeza ofesi yonse ikumva, mpaka mlonda pageti."

Ku Lusaka kunapita a Tembo. A Tembo a pasiwedi ya tembo! Anabwerako ndi satifiketi ndi kabati yodzaza mabuku, ndipo anayamba kundiphunzitsa ine, ulere, monga momwe ndinawalonjezera iwo. Nthawi zonse akafika pa mutu wa macheza ankanena kuti, "Apa tili ndi mboni." Make Dalitso anakhala masiku akundiphikira nkhuku osanena chifukwa chake, koma nkhuku siipita ku Lusaka.

Mayi Sakala anandilamula kusintha pasiwedi tsiku lomwe lija khomo langa linatseguka. Ndinakhala pampando mtima ukuwira, ndipo ndinasankha liwu loti m'mawa uliwonse ndizilimenya ndi zala mwamphamvu. Silinali la Chingerezi, silinali dzina la wachibale, sindinalilembe papepala, sindinauze munthu, ngakhale make Dalitso. Mutu wodumphidwa uja ndinauwerenga mpaka kuuloweza.

Chaka chotsatira Mulenga anabweranso kudzatiyesa. Ndinalumbira kuti sindilankhula naye. Anandipatsa moni, ndinangogwedeza mutu. Ananena za mbewa, ndinayang'ana kudenga. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira, madisiketi ali m'chikwama osawatulutsa n'komwe. Kenako anakhala pa kompyuta yanga, nalemba kamodzi kokha. Kolwe, ndiye kuti nyani m'chinenero chawo.

Khomo linatseguka.

"Mbuya," anatero akugwira pamtima, "chaka chonse mwakhala mukundikumbukira m'mawa uliwonse? Kodi mumavulanso chipewa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimutukwane, a Tembo ali tcheru kudikira, Mayi Sakala ali pakhomo. Ndinatsekanso. Mlongo wanga anandichotsa kubusa kuti ndikhale wophunzira, ine n'kumuchotsa pa moni wa m'mawa kuti ndiikepo nyani wa Mbemba. Nanga pamenepo tikambenji?