Ba Ferdinand, Mdala Amene Anakana Mbewa

Mukafunsa aliyense ku Nangongwe za Ba Ferdinand, choyamba adzakuuzani kuti mdala uja anamwalira asanagwirepo mausi ya kompyuta. Zaka makumi atatu akulembera anthu makalata, koma kanthu kaja ayi. Ankati mausi m'chizungu ndi mbewa, ndipo mbewa ndi ndiwo za nshima.

Ine ndine Lemmy, wometa tsitsi. Kashopu kanga kanagundana ndi kawo, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Kompyuta yawo inalibe zithunzi. Sikirini yakuda bii, timalemba tobiriwira, ndi pulogalamu yolembera yotchedwa vi, imene anaiphunzira akugwira ntchito pafakitale ina kalekale. M'menemo chilichonse ndi batani: kupita kumanzere h, pansi j, m'mwamba k, kumanja l. Zinawalowa m'magazi moti mlendo wina atafunsa njira ya ku siteshoni ya sitima anamuyankha kuti, "Muyende j mpaka pamsika, elo mukhote l kawiri." Akuti munthuyo anakapezeka kumtsinje, akugula nsomba zimene sanazifune.

M'mawa wina kunabwera Maybin, kondakitala wa minibasi.

"Ba Fedi, kalata ija munanilembera ya kuli Sharon ikalipo?"

"Ilipo."

"Manje nifuna yamene ija, koma iyende kuli Rachael. Mawu yanali bwino maningi."

Mdala sanafunse zambiri. Zala zinangoti gwagwagwa, :%s/Sharon/Rachael/g, basi.

"Lamulo imodzi chabe," anatero monyada. "Paliponse panali Sharon pankhala Rachael."

Onse awiri anaiwala kuti dzina la Rachael linalimo kale m'kalatamo. Masana omwewo mtsikanayo anatulukira, pepala m'manja, n'kuwerenga mokweza msewu wonse ukumva: "'Rachael, ndiwe weka mumtima mwanga. Uja Rachael wa mendo monga ya nkhuku ninamusiya kudala.' Nanga wa mendo ya nkhuku ni ndani?"

Maybin anabisala kuseri kwa mpando wanga wometera. Ba Ferdinand anangodina u, batani lobweza chimene wangochita, ndipo Sharon anabwerera m'mizere yonse.

"Kompyuta yasankha," anatero.

Mpaka lero Maybin ali ndi Sharon, ana atatu.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe mdala anapita ku Lusaka kukapimitsa maso. Anasiya kalata ya Deborah, mlongo wanga, ili pasikirini. Inali yofunsira ntchito, yofunika kufika ku Boma isanakwane 12 koloko. Inangotsala dzina pansi. Ndinati aa, dzina lokha lingandikanike? Ndinalemba Deborah. D anameza mzere, e ndi b anandidumphitsa uku ndi uku, o anatsegula mzere wina, ndipo pa dzina lonselo panangotsala "rah". Ndinayesanso. Kalata inayamba kutha ngati yagwa chiswe. Kutulukamo, khomo osaoneka.

Deborah anathamanga kukaitana abusa ake. Abusa anavula jekete, anasanjika manja onse awiri pakiibodi, n'kufuula, "Tuluka!" Kompyuta inalira pii pii pii, kenaka inalemba j mizere isanu ndi umodzi. Abusa anavalanso jekete, nati mtundu uwu umafuna kusala kudya.

Ba Ferdinand tinawapeza pafoni ali pamzere kuchipatala, atawathira mankhwala m'maso.

"Wachita chani, iwe Lemmy?"

"Nalemba chabe dzina, mudala."

"Tinika Esc. Elo tumadontho tubili, q, na chofuula. Izatseka osasunga vamene mwaononga."

Ndinadina Esc, timadontho tiwiri, q, kenaka ndinafuula mwamphamvu zanga zonse, "Wooo!"

Mdala anayankha pafoni:

"Lemmy, chofuula ni kamtengo kali na kadontho pansi. Koma fuulanso, namvera bwino."

Zinatheka. Kalata inatsegukanso yathunthu, anandiuza kudina i ndisanalembe dzina, ndipo Deborah anafika ku Boma kutatsala mphindi zinayi, nsapato m'manja. Ntchito anaipeza.

Ba Ferdinand anatisiya mu Juni chaka chatha, atangodwala sabata imodzi. Pamaliro, pakati pa nyimbo, anaimirira Ba Febby ogulitsa kapenta pamsika, mayi amene pakamwa pawo pamaopedwa mpaka ku dera la Estates. Pambali pawo panali mng'ono wawo wochokera ku Kitwe.

"Zaka khumi zapita," anatero Ba Febby, "ninabwera kuli aba bamudala kulembesa kalata yotukwana uyu mufana wanga. Tinayambana pa nyumba ya bamayo. Ninatukwana ola yonse, beve balemba chabe. Pakapita nthawi namvera ka gwagwa. Nafunsa, ni chani? Bakuti ni dd, yokonza mizere. Pepala inachoka ifupi, bakuti ni malemba yang'ono."

Mng'ono uja anatulutsa pepala lachikale m'chikwama. Panali mizere itatu yokha: moni, kufunsa za ana, ndi mawu akuti nyumba ikudontha, bwera tikonze.

"Dzulo ndiye nadziwa kuti dd ifafaniza mzere wonse," anatero Ba Febby, uku akupukuta misozi ndi chitenge. "Banadya matukwano yanga yonse, bakawalala aba."

Anthu anaseka, kenaka anayamba kuyang'anana. Mmodzi ndi mmodzi anayamba kukumbukira makalata awo aukali amene anayankhidwa mwaulemu mosadziwika bwino: kwa apongozi, kwa eni nyumba, kwa amuna othawira ku Mazabuka.

Masiku ano m'kashopu muja akugulitsamo makava a foni. Aliyense amadzilembera yekha uthenga, n'kutumiza mtima ukadali wotentha, ndipo mawu amafika onse monga anatulukira. Mwezi uno wokha ndameta anthu atatu amene sakulankhulana ndi abale awo. Ndikamawameta amandionetsa zimene analemba, ndimawerenga, n'kungopitiriza kumeta.